Kodi mumadziwa? Chitetezo cha m'thupi nachonso chimatha kuwononga mapapo

Ambiri amene anadwala mwakayakaya ndi Covid-19 sanavulazidwe ndi kachirombo kokha. Sabata yoyamba kachiromboka kamaswana m'mphuno, kukhosi ndi m'mapapo. Pofika sabata yachiwiri, mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi chimalusa mopyola muyeso. Maselo oyera a m'magazi amatulutsa timapuloteni tochuluka totchedwa cytokine, monga interleukin-6, toitanira maselo anzawo kunkhondo. Mapapo amatupa, timatumba ta mpweya timadzaza madzi, magazi n'kumaundana m'timitsempha. Munthu amabanika pomwe kachiromboko kayamba kale kuchepa.

N'chifukwa chake mankhwala oyamba kutsimikizika kuti akupulumutsa miyoyo sanali opha kachirombo, koma oziziritsa chitetezocho. Mu June 2020 kafukufuku wa RECOVERY, wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oxford ku Britain, anaonetsa kuti dexamethasone, mankhwala akalekale komanso otchipa, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa opumira makina, ndi limodzi mwa asanu pakati pa olandira okosijeni. Mlingo wake unali mamiligalamu 6 patsiku, osapitirira masiku 10. Kwa odwala osafuna okosijeni sanathandize, choncho si mankhwala ongomwa chifuwa chikangoyamba.

Mu February 2021 kafukufuku yemweyo anapeza kuti tocilizumab, yemwe amatsekereza interleukin-6, amachepetsanso imfa. Koma hydroxychloroquine, mbale wake wa chloroquine wa malungo uja, ngakhale anamuchemerera chotani, sanapulumutse ogonekedwa m'chipatala.