Mapepala achinsinsi a akazitape: amatuluka bwanji, nanga tiziwawerenga motani?



Pa 18 Novembala 2021, bambo wina wa zaka 83, Muhammad Aziz, anaima m'bwalo la milandu mumzinda wa New York ku America, woweruza n'kulengeza kuti chigamulo chimene chinamutsekera m'ndende chafafanizidwa. Anali atakhala m'ndendemo zaka pafupifupi 20 pa mlandu wopha Malcolm X, mtsogoleri wa anthu akuda uja amene anapita ku Hajj mu 1964 n'kubwerako akutchedwa El-Hajj Malik El-Shabazz. Mnzake amene anamangidwa naye, Khalil Islam, sanalione tsikulo. Anamwalira mu 2009, dzina lake lisanayeretsedwe. Mwa zinthu zimene zinawayeretsa, zazikulu zinali mapepala amene anagona m'makabati a FBI ndi a polisi kwa zaka zoposa 50.

Tayamba ndi anthu awiriwa chifukwa nkhani ya mmene mabungwe a akazitape amatulutsira mapepala awo imamveka ngati ya maloya ndi atolankhani okha, pomwe kuseri kwa fayilo iliyonse kuli munthu. Palinso chifukwa chapafupi. Pa WhatsApp pamayenda zithunzi za mapepala okhala ndi chidindo cha CIA kapena FBI, mizere ina itadetsedwa ndi inki, ndipo ana athu, ngakhale ife akuluakulu, tikangoona chidindocho timati basi, ndi zoona. Ndi bwino tidziwe manja amene pepala lotere limadutsamo lisanafike pa foni.

FBI ndi bungwe la boma la America lofufuza milandu ikuluikulu ndi kuzonda anthu m'dzikomo. CIA imazonda kunja kwa dzikolo. Onse awiri amakhudzidwa ndi lamulo lotchedwa Freedom of Information Act, limene Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira pa 4 Julaye 1966. Mfundo yake ndi yoti mapepala a boma ndi a anthu, choncho aliyense akhoza kuwapempha popanda kufotokoza chimene akuwafunira. Sipafunika kukhala nzika ya America. Wophunzira wa Folomu 4 pasukulu pano atha kulembera FBI kalata yopempha fayilo ya munthu wina amene anamwalira kalekale, ndipo lamulo limati ayankhidwe pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Apo ndi pa pepala. Kawirikawiri chimene chimabwera msanga ndi kalata yongoti pempho lafika, nayi nambala yake, mwaima pamzere. Mapepala enieniwo amatha kutenga zaka.

Pempho likafika pa desiki, wogwira ntchito amayamba ndi kufufuza m'kaundula wa mayina. Apa pomwe pali mbuna yoyamba, chifukwa amafufuza chokhacho chimene mwalemba. Fayilo ya Malcolm X, imene FBI inatsekula mu 1953, ili pa dzina lake lobadwa nalo, Malcolm Little. Mukalemba pempho losalunjika, yankho lingakhale loti sitinapeze kanthu, ndipo sananame. Mapepala akapezeka, wina amawawerenga tsamba ndi tsamba. Tsamba limene lili ndi nkhani yochokera ku bungwe lina, mwachitsanzo la asilikali, amalitumiza komweko kuti eni ake alione, nakonso likaime pamzere.

Kenako inki imayamba ntchito. Lamulo lili ndi zifukwa 9 zololera boma kubisa zinthu, ndipo limalamula kuti chotsala chonse chiperekedwe. N'chifukwa chake mumaona tsamba lodzaza ndi mizere yakuda, patatsala mawu awiri atatu okha. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa tsambalo mupeza tizilembo. Pamene palembedwa b1, akunena kuti nkhaniyo ingaononge chitetezo cha dziko. Pamene pali b3, pali lamulo lina loletsa, ndipo CIA imatsamira kwambiri la mu 1947 loteteza amene amaipatsa nkhani ndi njira zimene imazipezera. Pa b7D, FBI ikubisa dzina la wotsina khutu wake. Wopempha akapanda kukhutira amachita apilo m'bungwe lomwelo, zikakanika amapita kukhoti.

Zina mwa zifukwazi ndi zomveka. Munthu amene anaulula chiwembu cha zigawenga akhoza kuphedwa dzina lake likatuluka, ndipo ana ake sanalakwe kanthu. Vuto ndi loti inki yomweyo imene imateteza moyo wa munthu imathanso kuphimba manyazi a bungwe. Malamulo a America amaletsa poyera kusandutsa pepala kukhala lachinsinsi pofuna kubisa kuphwanya malamulo kapena kupewa manyazi. Koma woyamba kuweruza ngati pepala ndi loopsa kapena longochititsa manyazi ndi bungwe lomwe linalilembalo, ndipo makhoti sakonda kutsutsa akazitape akangotchula chitetezo cha dziko. Fisi ndiye amawerenga mbuzi.

Pali yankho lina loposa inki, lomwe lili ndi mbiri yoseketsa. Mu 1968 sitima yankhondo ya dziko la Soviet Union yoyenda pansi pa madzi, K-129, inamira m'nyanja ya Pacific. A CIA anafuna kuivuula mwakachetechete kuti aone zida zake. Anamangitsa chombo chachikulu, Hughes Glomar Explorer, n'kufalitsa kuti ndi cha mpondamatiki Howard Hughes amene akufuna kukumba miyala pansi pa nyanja. Mu 1974 chombocho chinavuuladi chidutswa cha sitima ija. Nkhani itayamba kumveka, mtolankhani Harriet Phillippi anapempha mapepala oonetsa mmene CIA inayesera kutseka pakamwa nyuzipepala. Anamuyankha kuti sangavomere kapena kukana kuti mapepala otero alipo. Mu 1976 khoti linati yankho lotere ndi lololedwa, ndipo mpaka lero limatchedwa Glomar, dzina la chombo chija.

Nzeru yake ndi iyi. Bungwe likamauza anthu amene silikuwazonda kuti "tilibe kanthu pa inu", ndiye kuti amene auzidwa kuti "sitingakupatseni" adziwiratu kuti akuzondedwa. Choncho onse amapatsidwa yankho limodzi. Yankholi linachokera pa sitima yomira, koma linafika mpaka pakhomo la mzikiti. Atolankhani a Associated Press ataulula mu 2011 kuti apolisi a New York ankazonda mizikiti ndi magulu a ophunzira achisilamu, Imam Talib Abdur-Rashid wa ku Harlem anapempha kuti aone ngati pali fayilo yonena za iye. Apolisi anamuyankha Glomar. Mlandu unakafika ku khoti lalikulu la chigawo cha New York, ndipo mu 2018 oweruza anayi mwa asanu ndi awiri anati apolisi sanalakwe.

CIA ilinso ndi mpanda wina. Kuyambira mu 1984 lamulo limailola kusafufuza n'komwe m'mafayilo a ntchito zake zaukazitape pempho likabwera.

Njira yachiwiri yotulutsira zinsinsi ndi nthawi. Ku America pepala lachinsinsi limadindidwa Confidential, Secret kapena Top Secret, malinga ndi kukula kwa ngozi imene akuti ingagwe litatuluka. Mu 1995 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti mapepala ofunika pa mbiri ya dziko azichotsedwa chidindocho akakwanitsa zaka 25, ndipo Barack Obama anapitiriza zimenezi mu 2009. Koma mabungwe amaloledwa kupatula ena. Pepala loulula dzina la kazitape kapena kapangidwe ka zida zoopsa likhoza kufika zaka 50, ngakhale 75. Mu Ogasiti 1953 nduna yaikulu ya Iran, Mohammad Mossadegh, inachotsedwa pampando italanda mafuta a dzikolo m'manja mwa kampani ya ku Britain. Anthu a ku Iran ankadziwa amene anasonkhezera motowo, koma mapepala a CIA ovomera poyera kuti inatengapo mbali anatuluka mu 2013, patatha zaka 60.

Kuchotsa chidindo sikutanthauzanso kuti pepala lafika kwa anthu. Kwa zaka zambiri mapepala amene CIA inamasula pa lamulo la zaka 25 ankapezeka pa makompyuta anayi okha, m'nyumba yosungira zakale za boma ku College Park, m'chigawo cha Maryland. Wofuna kuwerenga ankayenera kukwera ulendo. Bungwe la MuckRock litasuma, mu Januwale 2017 masamba oposa 12 miliyoni anaikidwa pa intaneti.

Ndiye pali mapepala amene sadzatulukanso, chifukwa anapsa. Mu 1973 mkulu wa CIA, Richard Helms, analamula kuti aononge mafayilo a MKUltra, ntchito imene ankayesera mankhwala osokoneza bongo monga LSD pa anthu, ena osadziwa n'komwe. Mu 1977, chifukwa cha pempho la wolemba mabuku John Marks, masamba pafupifupi 20,000 anapezeka. Anapulumuka chifukwa anasungidwa pamodzi ndi mapepala a za ndalama. Akomiti akudziwa bwino kuti msungichuma sataya lisiti.

A ku Britain nawo ali ndi mbiri yawo, ndipo imatikhudza. Lamulo lawo la mu 2000 lopatsa anthu mwayi wopempha mapepala a boma silikhudza mabungwe a akazitape a MI5 ndi MI6. Amatulutsa zimene afuna okha. Mu 2011, okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa m'nthawi ya Mau Mau atasumira boma la Britain, bomalo linavomera kuti linkasunga mwakachetechete mafayilo pafupifupi 8,800 ku Hanslope Park, ochokera m'mayiko 37 amene linkalamulira, kuphatikizapo Nyasaland. Enanso ambiri anatenthedwa atsamunda asanachoke. Kuno kwathu lamulo la Access to Information Act linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo loyang'anira ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Nalonso limalola boma kukana kupereka zokhudza chitetezo cha dziko.

Tsono pepala likatuluka, tiziliwerenga bwanji? Choyamba kukumbukira n'choti pepala likhoza kukhala lenileni koma zolembedwamo zili zabodza. Fayilo ya FBI ndi nkhokwe imene amaponyamo chilichonse: zimene kazitape anaona ndi maso, zimene wotsina khutu wolipidwa ananena kuti asachotsedwe pa malipiro, mphekesera za munthu wakaduka, ngakhale nkhani zodula m'nyuzipepala. Amene mwaphunzira za Hadith mukudziwa kuti nkhani imachepa mphamvu ngati mmodzi mwa oisimba sakudziwika. M'mapepala awa dzina la wosimba ndilo limayamba kudetsedwa. Choncho funsani kuti analemba ndani, liti, polembera yani, ndipo anaona yekha kapena anangomva. Musadzaze nokha malo akudawo ndi zimene mukufuna kuti zikhalemo. Ndipo popeza FBI ndi CIA amaika mapepala amene amasula pa masamba awo a pa intaneti, pomwe la FBI limatchedwa The Vault, chithunzi chimene chabwera pa foni muyambe mwachifunafuna kumeneko musanachitumize kwa wina.

Tibwerere kwa anthu awiri aja. Malcolm X anawomberedwa pa 21 Febuluwale 1965 akuyamba kulankhula mu Audubon Ballroom. Pa mlandu wa mu 1966 panali munthu wachitatu, Talmadge Hayer, amene anagwidwa pamalopo. Iye anavomera mlandu n'kuuza bwalo kuti awiri enawo sanali nawo, koma sanamukhulupirire. Mu 2020 mkulu woimira boma pa milandu ku Manhattan, Cyrus Vance, anatsekulanso nkhaniyi, ndipo kafukufuku anatenga miyezi 22. Anapeza kuti FBI inali ndi malipoti olozera anthu ena, kuti zina mwa mboni zinali otsina khutu a FBI ndipo mkulu wa bungweli, J. Edgar Hoover, analamula kuti zimenezi zisaululidwe, komanso kuti apolisi anali ndi anthu awo obisala m'holomo. Maloya a oimbidwa mlandu sanauzidwe chilichonse mwa izi. Zidakadziwika mu 1966, mwina Aziz sakanadikira mpaka 1985 kuti atuluke, kapena Islam mpaka 1987.

Vance anapepesa m'khoti. Mu 2022 mzinda wa New York ndi boma la chigawocho anavomera kupereka chipukutamisozi cha madola 36 miliyoni kwa Aziz ndi kwa banja la Islam. Mu Novembala 2024 ana aakazi atatu a Malcolm X anasumira FBI, CIA ndi apolisi a New York, akufuna madola 100 miliyoni, ponena kuti mabungwewa anabisa zimene ankadziwa zokhudza imfa ya bambo awo.