Lembani Zimene Mwaona: Mawu kwa Ophunzira Atsopano a Unamwino

Pakali pano yunifolomu ikadali yatsopano, mabuku akuoneka akuluakulu, ndipo kumudzi ena ayamba kale kukutchulani kuti adokotala. Miyezi ingapo ikubwerayi aphunzitsi adzakutengerani kuwodi. Ntchito yoyamba imene mudzapatsidwe kumeneko si yobaya jekeseni kapena yothandiza mayi kuchira. Adzakupatsani choyezera kutentha kwa thupi ndi makina a BP, n'kukuuzani kuti muyeze odwala onse ndi kulemba pa tchati. Ophunzira ambiri amaiona ngati ntchito yongowasiyira chifukwa ndi atsopano. Koma pa ntchito imeneyi ndi pamene pamaonekera mtundu wa namwino amene munthu adzakhale, chifukwa kawirikawiri palibe amene amakuonererani pamene mukulemba.

Zimene manambala amanena

Munthu wamkulu akakhala phee, thupi lake limatentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, mtima umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi, amapuma maulendo 12 mpaka 20, ndipo BP yake imakhala cha m'ma 120/80. Manambala amenewa mudzawaloweza msanga. Chimene chimatenga nthawi n'kumvetsa kuti nambala imodzi payokha siinena zambiri. Chimene dokotala kapena sisitala amayang'ana pa tchati ndi mmene manambala akusinthira ola ndi ola.

Tiyerekeze mayi amene wangochira kumene ndipo akutaya magazi pang'onopang'ono. Thupi likayamba kuchepa magazi, mitsempha imafinyika ndipo mtima umathamanga kuti magazi otsalawo afikebe ku ubongo. Choncho BP imatha kuoneka yabwinobwino kwa nthawi ndithu, pamene kugunda kwa mtima kukukwera: 84, kenako 100, kenako 118. BP ikamadzatsika, mayiyo amakhala atataya kale magazi ambiri. Kutaya magazi okwana mamililita 500 kapena kuposerapo pasanathe maola 24 mayi atachira kumawerengedwa kuti ndi vuto, ndipo ndi limodzi mwa mavuto amene amapha amayi ambiri pa uchembere. Wophunzira amene wawerenga bwino kugunda kwa mtima ndiye angakhale woyamba kuzindikira.

N'chimodzimodzi ndi ana. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma maulendo 50 kapena kuposerapo pa mphindi, kapena wa chaka chimodzi koma wosakwana zaka 5 akamapuma maulendo 40 kapena kuposerapo, timaganizira chibayo. Kwa mayi woyembekezera amene mimba yadutsa masabata 20, BP ya 140/90 kapena kuposerapo ndi chenjezo la matenda amene angamufikitse pokomoka ndi kugwedezeka thupi.

Yesero la usiku

Tsiku lina mudzakhala pa ntchito ya usiku, odwala ali mbwee mpaka ena pansi, maso akulemera. Maganizo adzabwera akuti: bambo awa madzulo anali bwino, ndingolemba 20 pa kupuma. Kulemba za m'mutu kotereku kumabisa chizindikiro chimene chimasintha msanga munthu akayamba kufooka. M'mawa dokotala adzakhulupirira nambala yanuyo, ndipo mwina adzamutulutsa wodwala amene anayenera kukhala pa mpweya.

Werengani kupuma kwa mphindi yathunthu, makamaka kwa ana, chifukwa kapumidwe kawo kamasinthasintha. Werengani mutagwirabe pamkono ngati mukuyeza mtima, popeza munthu akadziwa kuti mukumuwerengera amasintha kapumidwe. Ngati simunathe kumuyeza wodwala wina, siyani mpata pa tchati ndipo nenani popereka lipoti. Mpata umachititsa munthu wina kupita kukayeza, pamene nambala yabodza imatonthoza aliyense. Mukalakwitsa polemba, dulani ndi mzere umodzi kuti zolakwikazo ziziwerengekabe, lembani zolondola pambali ndi kusaina. Fayilo ya wodwala ndi umboni, ndipo imatha kufunidwa ngakhale kukhoti.

Kulemba kokha sikokwanira

Nambala yoopsa ikangogona pa pepala siipulumutsa munthu. Pitani kwa namwino amene akukuyang'anirani nthawi yomweyo. Nenani mwadongosolo: wodwala ndi ndani ndipo ali pa bedi liti, anabwera ndi vuto lanji, mwapeza chiyani tsopano poyerekeza ndi poyamba, ndipo mukupempha chiyani. Mawu akuti "Sisitala, mayi a pa bedi 6 amene anachira masana aja mtima wawo wakwera kuchoka pa 84 kufika pa 118, chonde tiyeni mukawaone" amamudzutsa munthu pampando kusiyana ndi akuti "mayi aja sakuoneka bwino".

Mwina nthawi zina adzakuyankhani mokalipa, kapena zidzapezeka kuti panalibe vuto. Musagwe ulesi. Manyazi amenewo amatha tsiku lomwelo. Mverani nawonso magadiyani. Mayi amene wagona pansi pafupi ndi mwana wake masiku atatu akanena kuti mwana wasiya kuyamwa, wakuuzani chinthu chimene makina sangakuuzeni.

Pa mankhwala, funsani

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanapereke mankhwala alionse tsimikizani zinthu zisanu: wodwala wake, mankhwala ake, mlingo wake, njira yoperekera ndi nthawi yake. Wophunzira amapereka mankhwala moyang'aniridwa ndi namwino amene ali ndi chilolezo, ngakhale wodi itakhala yotanganidwa chotani. Musabaye mankhwala amene wina wakoka mu sirinji inu osaona. Samalani kadontho ka pakati pa manambala: 0.5 ndi 5.0 zikusiyana kakhumi.

Masamu musawathawe. Mlingo wa mankhwala a ana umatengera kulemera kwa thupi. Mwachitsanzo, jekeseni wa artesunate wa malungo aakulu amaperekedwa mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, koma mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Choncho mwana amayenera kukwezedwa pa sikelo, osati kumuyeza ndi maso. Pa diripi, ngati chubu chake chimatulutsa madontho 20 pa mililita, ndipo mamililita 1000 ayenera kutha m'maola 8, chulukitsani 1000 ndi 20, mugawe ndi mphindi 480. Yankho ndi madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Zolowerani kuwerengetsa kotere mukadali m'kalasi.

Tsiku limene mudzalakwitse mankhwala, nenani msanga. Zolakwika zambiri zimakonzeka zikadziwika m'mphindi zoyambirira. Zikabisidwa, amene amavutika ndi wodwala.

Manja anu ndi singano

M'chaka cha 1847 dokotala wina wa ku Vienna, Ignaz Semmelweis, analamula kuti madokotala ndi ophunzira azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanakhudze amayi ochira, ndipo imfa za amayi m'wodi yake zinatsika kwambiri. Mfundo yake ikugwirabe ntchito lero. Sambani m'manja musanakhudze wodwala komanso mukatha, masekondi 40 mpaka 60 ndi sopo ndi madzi, kapena 20 mpaka 30 ndi sanitaiza. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba m'manja.

Singano mukaigwiritsa ntchito musaibwezere chivindikiro, iponyeni m'bokosi la zakuthwa. Ikakubayani, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi, kenako uzani wokuyang'anirani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku kapena pa Sabata. Mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, amayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanadutse, ndipo amamwedwa masiku 28. Funsaninso za katemera wa hepatitis B musanayambe kupita kuwodi.

Chinsinsi cha wodwala

Kunena zoona pa tchati kumayendera limodzi ndi kusunga pakamwa kunja kwa wodi. Chipatala cha mishoni chimalandira anthu amene timapemphera nawo: akulu a mpingo, amayi a Dorika, anzathu a m'kwaya. Zimene mwaona m'fayilo yawo si nkhani ya ku hositelo kapena ya m'minibasi. Musajambule wodwala, bala lake kapena fayilo yake kuti muike pa WhatsApp kapena Facebook. Ngakhale pa nthawi ya mapemphero, n'zotheka kupempherera odwala popanda kutchula dzina ndi matenda. Inunso abale a mumpingo, tithandizeni posawafunsa ophunzirawa kuti auje akudwala chiyani.

Za Sabata ndi buku la ntchito

Matenda sapumula pa Sabata, ndipo Yesu mwini anachiritsa anthu pa tsikuli. N'chifukwa chake zipatala za mpingo monga Malamulo sizitseka mawodi pa Sabata, ngakhale ntchito zimene zingadikire zimaikidwa tsiku lina. Mukatumizidwa ku chipatala cha boma, kambiranani ndi woyang'anira wodi za ndandanda ya ntchito tsiku loyamba lomwelo, mwaulemu. Musangosowa Lachisanu madzulo kenako n'kudzanamizira kudwala. Ndipo ngati muli pa ntchito tsiku la Sabata, wodwala ayezedwe mosamala ngati tsiku lina lililonse.

Pomaliza, mudzapatsidwa buku lolembamo ntchito zimene mwachita, loti anamwino azisaina. Musapemphe siginecha ya ntchito imene simunagwire. Mukamaliza maphunziro mudzalemba mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti mulandire chilolezo, ndipo pambuyo pake mwina mudzatumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kumene usiku namwino adzakhala inu nokha. Chimene munangosainitsa osachichita chidzakupezani kumeneko, mayi ali pa bedi ndipo ambulansi ili kutali.

Choncho mukadzalowa m'wodi koyamba, tengani wotchi yoonetsa masekondi, cholembera ndi kabuku ka m'thumba. Perekani moni kwa wodwala, dzitchuleni dzina, muuzeni kuti ndinu wophunzira, pemphani chilolezo, ndipo werengani mpaka mphindi ikwane. Ambuye akutsogolereni m'chaka chanu choyamba.