Soja kapena Matafale? Mlandu wa makaseti pa msika wa Zomba

Mukafuna kuyambitsa mkangano pa msika waukulu wa Zomba popanda kutukwana munthu, musavutike ndi nkhani za mpira kapena za zipani. Ingoimani pakati pa mabenchi a nsomba ndi a matimati, mufunse mokweza kuti chimbale chokoma kuposa zonse chomwe Mmalawi adatulutsapo ndi chiti. Ine ndidaputa mavu amenewa Loweruka lina mosadziwa, ndipo ndidachoka pamsikapo dzuwa litapendeka, mlandu usadathe.

Chomwe ndidapitira kumsikako si nkhani ayi. Ndidanyamula katoni ya makaseti 37 a malemu bambo anga. Amayi kwathu ku Chinamwali adati katoniyo ikungoweta mphemvu pansi pa bedi, ndiye ndiitaye kapena ndigulitse. Kunena zoona, ine wolemba nkhani mwaganyu malipiro anga alibe tsiku, ndipo mwini nyumba anali atayamba kale kundipatsa moni wosaseka. Ndidaganiza kuti mwina wina angandipatseko kangachepe.

Ndidafikira pa madala ena okonza mawailesi ndi mafoni. Adapisa dzanja m'katonimo, nkutulutsa kaseti imodzi, kuiuzira fumbi, kenaka nkundiyang'ana ngati ndaba nkhuku ya amfumu.

"Mwana wanga, ukugulitsa ichi? Ukudziwa kuti ichi nchiyani iwe?"

Inali Son of a Poor Man ya Lucius Banda. Madalawo adatsitsa wailesi yakale ya kaseti yomwe inali pashelefu, adalowetsamo cholembera m'bowo la kasetiyo nkuipukusa kuti lamba akungike, nkuiika. Mawu adatuluka onjenjemera pang'ono chifukwa cha chinyontho cha zaka zambiri, koma nyimbo ya Mabala isadafike pakati, anthu anali atatizungulira kale.

Woyamba kupereka chigamulo adali mayi wina wogulitsa matemba a ku Chilwa. Adati palibe chifukwa chozungulira, chimbale ndi chimenecho basi, zina zonse ndi ana ake. Mfundo yawo inali ya nthawi. Chimbalechi chidatuluka pomwe dziko limasintha: referendamu ya pa 14 June 1993 inali itachitika, ndipo pa 17 May 1994 Amalawi adavota pa chisankho cha matipate. Kwa zaka 30 anthu ankanong'ona, kuopa kuti khoma lili ndi makutu. Ndiye mnyamata wa ku Balaka, wobadwa mu 1970, adaimba poyera za zipsera zomwe ulamuliro wa chipani chimodzi udasiya. Mayiwo adati tsiku lomwe adamva nyimboyo koyamba adayang'ana kaye kumbuyo kuti aone ngati kukubwera apayoniya.

Telala wina adavomereza kuti Soja ndi Soja, koma adati mayiwo asankha chimbale cholakwika. Iye mtima wake uli pa Cease Fire, ndipo mnzake wogulitsa kaunjika adati ayi, Down Babylon. Apa mpamene ndidazindikira kuti ngakhale a mpingo umodzi sagwirizana nyimbo yotsegulira mapemphero. Lucius adatulutsa zimbale pafupifupi 20 asadamwalire pa 30 June 2024 ku South Africa, kotero kuti aliyense ali ndi chake chomwe chimamukumbutsa chaka chomwe adakwatira, chomwe adayamba geni, kapena chomwe katundu adamulowa madzi.

Telalayo adawonjezera kuti ife a Zomba tili ndi gawo pa nkhani ya Soja. Mu 2006, ali phungu wa UDF wa dera la kumpoto kwa Balaka, khothi lidamupeza wolakwa pa mlandu wa setifiketi ya sukulu yachinyengo, ndipo adalowa m'ndende yaikulu ya Zomba, yomwe timaidutsa tsiku ndi tsiku. Omutsatira ankati ndi ndale chabe chifukwa ankalimbana ndi boma la Bingu wa Mutharika. Adatuluka chaka chomwecho atachita apilo, ndipo chimbale chotsatira adachitcha Cell 51 Maximum. "Ndani wina," adafunsa telalayo, "anasandutsa chitolokosi kukhala dzina la chimbale?"

Nthawi yonseyi Rasi wina yemwe amatsika ndi zipatso kuchokera kuphiri anali duu, dengu la magalagadeya ndi masitiroberi lili pansi. Atatsegula pakamwa adayamba ndi ulemu.

"Amayi, sindikukana, Soja anali wamkulu. Koma Soja analowa mpalamenti. Matafale analowa m'manda."

Panali zii kwa kanthawi. Evison Matafale wa ku Chileka adasiya zimbale ziwiri zokha: Kuimba 1, chomwe adajambula ndi gulu la Wailing Brothers, ndi Kuimba 2 cha mu 2001. Mu November chaka chomwecho apolisi adamugwira chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo pa 27 November adamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi. Mpaka lero anthu amatsutsana za chomwe chidamupha. Gulu lomwe adayambitsa la Black Missionaries lidapitiriza mndandanda wa zimbale za Kuimba, ndipo chaka ndi chaka anthu amasonkhana ku Chileka kukamukumbukira.

Mfundo ya Rasi inali yakuti chimbale sayeza ndi kuchuluka kwa zimbale zinzake. Adati ikani Kuimba 1, muyambe nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, mundiuze pomwe mungafune kudumpha. Mayi wa matemba adamubweza pompo kuti munthu wa zimbale ziwiri sadapatsidwe mpata wolakwitsa, pomwe Soja adaimba zaka 30, adadutsa m'maboma osiyanasiyana, ndipo anthu ankadzazabe m'maholo. Ndidaona kuti onse awiri akunena zoona, ndipo ndicho chifukwa chake mlanduwu sutha.

Madala okonza mawailesi aja adaseka nkunena kuti tonsefe tikukangana za nthambi, tsinde tikulisiya. Soja adaphunzira kuimba kwa mkulu wake Paul Banda, m'gulu la Alleluya Band lomwe lidayamba mu 1978 pa parishi ya Akatolika ku Balaka. Anyamata a Black Missionaries, a banja la Fumulani, ndi ana a Robert Fumulani wa Likhubula River. Ndipo Chileka yemweyo ndi kwawo kwa Daniel Kachamba, katswiri wa gitala yemwe adamwalira mu 1987. Adati mwana wosadziwa agogo ake asamaweruze milandu ya pamudzi.

Kenaka mtsikana wina wa ku Chanco, yemwe amasankha malaya pa kaunjika, adaponya mwala wake. Adafunsa ngati tikudziwa kuti chimbale cha ku Malawi chomwe chidafika patali kwambiri kunja chidajambulidwa mommuno mu Zomba. Mu 2013 Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli adalowa m'ndende ya Zomba ndi makina awo nkujambula akaidi, amuna ndi akazi, akuimba. Chimbalecho, I Have No Everything Here, chidatuluka mu 2015 m'dzina la Zomba Prison Project, ndipo chidalowa m'gulu la zimbale zopikisana pa mphotho ya Grammy ya mu 2016. Kanali koyamba kuti Malawi afike pamenepo, ngakhale mphothoyo idapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin.

Abale anga, pa anthu onse omwe adali pamenepo, palibe ndi mmodzi yemwe amene adati adachimverapo chonse. Ndende ili pompano, koma nyimbo zake zidakwera ndege osadzera pamsika. Mayi wa matemba adangoti, "Chemwali, azunguwo asankhe zawo, ife tisankha zomwe tinagula."

Mawu amenewa ndidapita nawo kunyumba. Kunjako nawonso amakangana chimodzimodzi za zimbale zawo za rock, kungoti iwo amalemba m'magazini. Ya ku America yotchedwa Rolling Stone mu 2003 idaika Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band ya The Beatles pa nambala 1 mwa zimbale 500. Mu 2020 magazini yomweyo idasintha maganizo nkuika What's Going On ya Marvin Gaye. Ngati akatswiri olipidwa amatembenuka chotere, wogulitsa matemba achitirenji manyazi ndi chigamulo chake? Kusiyana kwake nkwakuti chawo chimasindikizidwa, chathu chimauluka ndi mphepo msika ukatsekedwa.

Madzulo ake ndidafunsa amayi chifukwa chomwe anthu a msinkhu wawo amadziwira zimbale mpaka mndandanda wa nyimbo. Adati kaseti siinkalola ulesi. Ndalama unkasunga, nkukagula, kapena kutuma munthu wopita ku Blantyre kwa O.G. Issa komwe oimba ambiri ankagulitsa nyimbo zawo. Kudumpha nyimbo kunkadya mabatire, ndiye unkamvera mbali ya A yonse, kutembenuza, nkumvera ya B. Nyimbo yomwe sudaikonde sabata yoyamba inkadzakulowa mwezi wachiwiri. Munthu wotere akati chimbale ichi nchabwino, amanena zomwe akudziwa, pakuti adachilipira ndi thumba komanso ndi makutu.

Ife a lero timapita kwa anyamata obena nyimbo, natidzazira mazanamazana pa memore khadi kapena pa fulashi. Sitidziwa kuti nyimbo iyi idachokera m'chimbale chiti, idatuluka liti, adaimba gitala ndani. Ndalama timapereka inde, koma imathera pa tebulo la wobenayo, ndipo kwa woimba kapena ana ake amasiye sikufika kanthu kooneka. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za aluso, koma silingaime pa benchi iliyonse.

Ndisadachoke pamsika paja ndidafunsa funso limodzi lokha: ndani mwa ife wagulapo nyimbo ya Mmalawi mwachilungamo m'zaka zisanu zapitazi? Telala adayang'ana makina ake. Wa kaunjika adakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya katundu yekha. Ine amene ndinalibe poyankha. Inu amalonda mukudziwa bwino kupweteka kwa kasitomala woyamikira katundu, kumugwiragwira, nkuchoka osagula. Ndi zomwe tikuwachita oimba athu, kwinaku tikulumbira kuti timawakonda.

Sabata yotsatira ndidakwera kuphiri kukamuona Rasi uja, pakuti adandilonjeza kuti mlandu tikaumalizira kumeneko. Tidadutsa damu la Mulunguzi mpaka ku Emperor's View, malo omwe adatchulidwa pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Tauni yonse inkaoneka pansi, denga la msika, ndende, ndi nyanja ya Chilwa chapatali. Ndidamuuza kuti ine ndavotera Son of a Poor Man, osati chifukwa ndagonja kwa mayi wa matemba, koma chifukwa pachikuto chake bambo anga adalembapo dzina lawo ndi cholembera chofiira. Rasi adati chimenecho si chigamulo, ndi chisoni. Ndidamuyankha kuti nayenso chake cha Matafale nchimodzimodzi. Adaseka, nkundipatsa magalagadeya awiri.

Makaseti aja sindidagulitse. Madala okonza mawailesi adandibwereka wailesi yawo, pa pangano lakuti Loweruka lililonse ndizibwera ndi kaseti imodzi tizimvera pamsika, mbali zonse ziwiri, popanda kudumpha. Za lendi tidakambirana ndi mwini nyumba, ndipo nayenso, nditamufotokozera, adati chimbale ndi Take Over, ena onsewo sadziwa nyimbo.

Nanga inu a ku Mpondabwino, a ku Songani, a ku Limbe ndi ku Lilongwe, mukuti bwanji? Tilembereni, mutchule chimbale chanu ndi chifukwa chake. Koma chonde mutiuzenso ngati mudachigula.