Mimba ya ubwana ingakupumitseni ntchito nthawi isanakwane

Ana anga, sabata ino tiyeni tikambirane za kunenepa kopitirira muyeso. Kwathu kuno munthu akanenepa timati akudya bwino. Bambo akatulutsa mimba, anthu pa Nsaru amayamba kumutchula kuti bwana. Mayi akadzaza chitenje, apongozi amati mwana wawo akusamala banja. Ndiye zaka zimene Edzi inavuta zija, aliyense ankaopa kuonda kuti anganenedwe. Koma ine amene ndakalambira m'chipatala ndikuti kunenepa kwina ndi matenda.

Ndikukumbuka aphunzitsi ena a dera la Kabudula. Poyamba ankapalasa njinga popita kusukulu. Atakwezedwa pantchito anagula njinga yamoto, ndipo madzulo ankakhala pa kanyenya ndi mowa. Thupi linabwera. Kenako maondo anayamba kuwawa, kuima pa bolodi kunakhala chintchito, mutu sunkawasiya. Ankangomwa panado. M'mawa wina anagwa kubafa, mkono ndi mwendo wakumanja osagwiranso. Inali sitiroko. Ogwira ntchito m'boma amapuma ali ndi zaka 60, koma iwo anapuma kutatsala zaka zingapo, ana awiri ali kusekondale. Kandalama kopumira kanathera m'mayendedwe opita ku Kamuzu Central. Mayi wa kunyumba anasiya geni kuti azidwazika. Paja chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Musaganize kuti izi n'za apatauni okha. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera.

Mafuta akachuluka, makamaka pamimba, mtima umagwira ntchito yoposa mphamvu zake ndipo BP imakwera. Thupi limalephera kugwiritsa bwino ntchito shuga. Matenda a shuga akalowa, amaononga maso, impso ndi mapazi. Dalaivala wosaona bwino ntchito yatha. Mlimi wa fodya wotupa miyendo amayamba kulemba aganyu pa ntchito imene ankagwira yekha. Ndipo mlimi alibe penshoni. Penshoni yake ndi thupi lake.

Nanga mutani? Choyamba, kayezetseni. Pitani kuchipatala cha Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete, kapena chilichonse chapafupi, akakuyezeni sikelo, BP ndi shuga. BP simva kuwawa ayi, imangogwetsa. Kunyumba tengani tepi ya telala muyeze pamchombo: mayi akadutsa masentimita 88, bambo 102, zinthu zavuta.

Chachiwiri, yang'anani mbale. Chepetsani mitanda, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera. Chulutsani nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba ndi usipa. Mchere usapitirire kasupuni kamodzi kakang'ono pa munthu patsiku. Chipisi, mandasi, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga zikhale za apo ndi apo.

Chachitatu, yendani mwandawala mphindi 30, masiku asanu pasabata. Kabaza musiyire ulendo wautali.

Inu amene muli ndi makolo onenepa, musawaseke kapena kuwanyoza. Aperekezeni kuchipatala, ndipo akapatsidwa mankhwala a BP asasiye chifukwa choti akupezako bwino. Inu achichepere, m'mera mpoyamba: zimene mukudyetsa mwana lero ndi zimene adzakonde atakula.

Mukumanga nyumba yodzapumiramo, n'zabwino. Samalaninso thupi lodzakhalamo. Tionana sabata yamawa.