Nkoloko ya ashikulu ili m'thilanki? Musathamangile kuigulitsa

Mu 1932, pamene Kabwe inali kudziwika kuti Broken Hill, ndeke za Imperial Airways zonyamula makalata pakati pa London na Cape Town zinali kutela m'tauni muno. Zinali kufika kucokela ku Mpika, n'kupitiliza ku Salisbury, imene lelo ni Harare. Woyendetsa ndeke wa masiku aja analibe GPS. Anali cabe na mapu, kampasi na nkoloko. Akadziwa liwilo la ndeke na mphindi zimene wauluka, anali kudziwa pamene wafika. Nkoloko ikanama, mafuta angamuthele ali pamwamba pa dambo la Lukanga.

Ndiye cifukwa cake nkoloko za oyendetsa ndeke zinapangidwa mosiyana na zina: nkhope yakuda, manambala akulu oyela, na kacitsulo kopukusila kakukulu kakuti munthu agwile olo atavala magulovu. Kampani ya Cartier inapangila Alberto Santos-Dumont wa ku Brazil nkoloko ya pamkono mu 1904, cifukwa kutulutsa ya m'thumba uku ukuyendetsa ndeke inali nchito. Pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, Ajelemani anali na zazikulu mamilimita 55, zomanga pamwamba pa jekete. Mu 1948 kunabwela IWC Mark 11 ya asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, yokhala na cikopa ca citsulo mkati kuti maginito a m'ndeke asaisokoneze. Anzawo a ku South Africa nawonso anaivala.

Manje mufunse kuti ise okwela minibasi zitikhudza bwanji. Kabwe ni tauni ya mgodi na njanji. Sitima inafika kuno mu 1906, mgodi unatsekedwa mu 1994, ndipo pa zaka zonsezo anthu ocokela ku Britain na South Africa anabwela na kupita. Pocoka, ambili anali kugulitsa katundu kapena kusiyila anchito awo. N'zotheka kuti m'mathilanki ena ku Bwacha kapena ku Chowa muli nkoloko yakale imene adzukulu amaiona monga citsulo cabe. Koma Mark 11 yeniyeni imagulidwa madola masauzande angapo kunja.

Apa m'pamene ambili amaluza. Osonkhanitsa nkoloko zakale safuna yonyezimila. Afuna ija yosakhudzidwa, manambala atasanduka acikasu, kumbuyo kuli zilembo za boma. Pa za asilikali a Britain pamakhala kacizindikilo kooneka monga mutu wa muvi. Mukaipeleka kwa wokonza wa pamsika kuti aipalepale na kuipenta iwoneke nyowani, mtengo wagwa pamenepo. Zabodza nazonso ni zambili, ndipo wogula amene akuuzani kuti ni sikilapu koma sacoka pakhomo, mumuyang'anitsitse.

Nkhani ina ni ya umoyo, ndipo anthu a ku Kasanda na Makululu, amene akhala na fumbi la mtovu zaka zambili, aimvetsa mosavuta. Manambala a nkoloko zambili zopangidwa isanafike 1960 anapentedwa na radium yosakaniza na mankhwala a zinki kuti aziwala mumdima. Inde, zinki, mtundu umodzimodzi wa mwala umene tinali kukumba kuno. Kuwala kuja kunatha kale, koma radium ikali na mphamvu, cifukwa pamapita zaka 1,600 kuti icepe na theka. Coopsa maningi ni fumbi la pentiyo likalowa m'mapapo kapena m'kamwa. Ku America, atsikana amene anali kupenta nkoloko izi m'ma 1920, akumanyambita kabulashi kuti kasongoke, anadwala mafupa a nsagwada, ndipo ena anamwalila.

Conco ngati muli nayo, musaitsegule kunyumba, ndipo ngati galasi ni yosweka, musapatse mwana kuti aseweletse. Ikulungeni m'pulasitiki, muiike kutali na kumene mumagona. Jambulani na foni nkhope yake, kumbuyo na manambala onse, muyelekezele na zithunzi za pa intaneti, ndipo mufunse ogula oposa mmodzi musanachule mtengo.