Kudya, Kuswali ndi Kusala kwa Munthu Amene Wachepetsedwa Chifu



Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, pa tsamba lino tinazolowera kupereka chidule cha makhutuba a Lachisanu, koma lero tapatula malo kuti tilongosole nkhani imene imafunsidwa pakhonde la mzikiti pambuyo pa swala ya Jumu'ah. Ena mwa abale athu okhala ku Joni ndi ku Britain, kapena amene anakalandira chithandizo ku India, amafika kumudzi atachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, imene madokotala amaitcha gastric bypass. Munthu amene ankamaliza yekha mbale ya mpunga amakhala pa mphasa, nkutapa masupuni atatu basi nkusamba m'manja. Mayi ake amadandaula kuti mwana wayamba kunyoza chakudya cha kwawo, anansi amanong'onezana za matenda amene iye alibe, ndipo Ramadhani ikakwana ena amamuyang'ana ndi diso loipa pomuona akumwa madzi masana. Zonsezi zimadza kaamba kosadziwa chimene chachitika m'mimba mwake.

Chifu cha munthu wamkulu chimatha kulandira chakudya chokwana lita imodzi kapena kuposerapo. Pa opaleshoniyi dokotala amadula chifucho chakumtunda nkupanga kathumba ka mamililita pafupifupi 30, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Kenako amadula matumbo aang'ono nkukweza mbali yakumunsi kukailumikiza ku kathumbako. Chifu chotsalacho sachichotsa. Chimakhalabe m'mimba chikutulutsa timadzi take togayira chakudya, ndipo timadzito, limodzi ndi ndulu, timakakumana ndi chakudya kutsogolo, pamphambano imene dokotala amasoka pamtunda wa masentimita 75 mpaka 150 kuchokera pa kathumba kaja. Kalumikizidwe kameneka kamaoneka ngati chilembo cha Y, ndipo kamatchedwa ndi dzina la César Roux, dokotala wa ku Lausanne m'dziko la Switzerland, amene ankakagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1890 pochiza matenda ena a m'mimba. Amene anayamba kulambalalitsa chifu ndi cholinga chochepetsa kunenepa ndi Edward Mason ndi Chikashi Ito a pa yunivesite ya Iowa ku America, m'chaka cha 1966. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, nthawi zambiri saing'ambanso mimba yonse: amaboola timabowo tingapo nkulowetsa kamera ndi zipangizo.

Iyi si opaleshoni yofunira kukongola. Kwathu kuno timati wonenepa ndiye akupeza bwino, koma pali kunenepa kumene kumadza ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, kubanika kutulo ndi kuphwanyika kwa mawondo mpaka munthu kulephera kupanga sijida. Madokotala amayeza ndi nambala yotchedwa BMI. Mwachitsanzo, munthu wotalika mamita 1.7 wolemera makilogalamu 116 ali pa 40. Malangizo a ku America a chaka cha 1991 ankalola opaleshoni kuyambira pa 40, kapena pa 35 ngati pali matenda ena, ndipo mu 2022 mabungwe a madokotalawa anatsitsa malirewo kufika pa 35, kapena pa 30 kwa odwala shuga. Maulama ambiri a m'nthawi yathu amaiika m'gulu la kufunafuna mankhwala, kumene nkololedwa ngati dokotala wodalirika waona kuti njira zina zakanika ndipo ubwino wake ukuposa kuopsa kwake.

Wodwala amagona m'chipatala masiku awiri kapena atatu, ndipo amamudzutsa tsiku lomwelo kuti ayende pang'onopang'ono poopa kuti magazi angaundane m'miyendo. Pa chifukwa chomwecho ambiri amapatsidwa jakisoni wa mtundu wa heparin, amene nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba. Msilamu ali ndi ufulu wofunsa ngati pali wina wosachokera ku nyama, pakuti alipo, monga fondaparinux. Koma ngati dokotala wanena kuti winayo sakumuyenera, lamulo la kusimidwa likugwira ntchito, ndipo asakane mankhwala nkuika moyo wake pachiswe. Atatuluka, kwa masabata 4 mpaka 6 asanyamule zolemera. Kukoka khoka, kukankhira bwato m'madzi, kusenza ndowa kapena thumba la mpunga, zonsezi zidikire. Mtima ukayamba kugunda mothamanga kupitirira ka 120 pa mphindi, thupi likatentha, kupuma kukavuta, kapena m'mimba ndi phewa lakumanzere mukapweteka kwambiri, athamangire kuchipatala usiku womwewo, chifukwa mwina pamene anasoka pakudontha.

Swala siichoka pa iye, koma imapepukitsidwa. Hadith ya Imran bin Huswain (Radhiyallahu anhu) yopezeka m'buku la Imam Bukhari ndiyo umboni woti wolephera kuimirira aswali chokhala, ndipo wolephera kukhala aswali chogona cham'mbali. Choncho masabata oyambirira, pamene kuwerama kukukoka mabala, akhale pa mpando ndipo aweramitse mutu pa sijida kuposa pa rukuu. Mabala a pamimba sali pa ziwalo za udhu, kotero udhu wake ndi wanthawi zonse. Pa kusamba kwa janaba, asambe pamene pali bwino, apake dzanja lonyowa pamwamba pa bandeji, ndipo kwa otsatira Imam Shafi'i awonjezere tayammamu m'malo mwa pamene madzi sanafike.

Tsopano nkhani ya chakudya, imene ndiyo imavuta kwambiri pakhomo. Zipatala zimasiyana pang'ono pa chiwerengero cha masiku, ndipo wodwala atsate pepala limene anapatsidwa, koma njira yake ndi imodzi. Pafupifupi masabata awiri oyamba ndi a zamadzimadzi zokha: madzi, msuzi wosefa wa nsomba kapena wa nkhuku wopanda mafuta, mkaka wopanda shuga, zonse mopsontha pang'onopang'ono. Masabata awiri otsatira ndi a zopota zosalala ngati phala la mwana woyamba kudya, masupuni awiri kapena atatu pa nthawi. Apa nyanja yatikomera mtima, chifukwa mnofu wa chambo kapena wa kampango wowiritsa, wochotsedwa minga mosamala nkupotedwa ndi msuzi wake, ndi chakudya chabwino kuposa zambiri za m'sitolo. Kenako zimabwera zofewa zotheka kuphwanya ndi supuni, monga dzira, nyemba zopsa bwino, maungu ndi nthochi yakupsa. Chakudya cha onse amachiyamba patapita masabata 6 mpaka 8, ndipo ngakhale pamenepo ndi ka mbale ka mwana.

Mwambo wathu ndi woti nsima ndiyo chakudya, ndiwo nzongoperekezera. Kwa munthu uyu dongosololi limatembenuka. Thupi lake limafuna magalamu 60 mpaka 80 a zomanga thupi pa tsiku kuti mabala apole ndi kuti asataye minofu pamodzi ndi mafuta, pomwe malo m'kathumba ndi ochepa. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, ndipo mnofu wa nsomba yaiwisi wolemera magalamu 100 uli ndi pafupifupi 20. Ndiye ayambe ndi nsomba, dzira kapena nyemba, atsatize masamba, ndipo nsima ibwere pomalizira ngati malo atsala. Mbamu ya nsima yomeza osatafuna, monga timachitira tonse, imatha kutseka pakhomo pa kathumbako nkubweretsa ululu pachifuwa ndi kusanza. Kondowole, chifukwa cha kunyanda kwake, ndiye amavuta koposa, ndipo mpunga, buledi wofewa ndi nyama yootcha youma zimakhalanso zovuta miyezi yoyamba. Chilichonse achitafune mpaka chisanduke phala m'kamwa, adye kwa mphindi 20 mpaka 30, ndipo akangomva kulemera pachifuwa aleke, ngakhale m'mbale mwatsala.

Tonse tikudziwa chiphunzitso cha Mtumiki (Swallallahu alaihi wasallam), chimene Imam Tirmidhi anachilandira, chogawa mimba patatu pakati pa chakudya, chakumwa ndi mpweya. Kwa wochepetsedwa chifu, gawo la chakudya ndi la chakumwa sizikhalanso pamodzi. Asiye kumwa kutatsala mphindi 30 kuti adye, ndipo adikire mphindi zina 30 atadya. Madzi akalowa pamodzi ndi chakudya amadzaza kathumbako kapena kukankhira chakudyacho m'matumbo mofulumira. Komabe amafunika kumwa malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku, ndipo m'nyengo yotentha ya ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota kuchepa kwa madzi m'thupi kumadza msanga. Sangagugudize kapu yonse ngati ife, ndiye botolo lisachoke pambali pake tsiku lonse. Zakumwa za mpweya zimatupitsa kathumbako, azisiye.

Pali vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi malungo kapena majini. Shuga ndi mafuta zikagwera m'matumbo mwadzidzidzi, popeza chitseko chapansi cha chifu chinalambalalidwa, matumbo amakoka madzi ochokera m'magazi. Pakapita mphindi 10 mpaka 30 munthu amachita thukuta, nseru, chizungulire, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba. Mwa ena zimabwera mochedwa, patapita ola limodzi mpaka maola atatu: thupi limatulutsa insulin wambiri, shuga wa m'magazi nkutsika kwambiri, munthu nkuyamba kunjenjemera, mwinanso kukomoka. Zoyambitsa zake ndi zomwe timalandirira nazo mlendo wolemekezeka: tiyi wa masupuni anayi a shuga, sobo, thobwa lotsekemera, mandasi, zitumbuwa ndi samusa zonona. Amene akumukakamiza kapu ya tiyi wotere chifukwa cha chikondi akumudwalitsa.

Mbali ya matumbo imene inalambalalidwa ndi imene imayamwa kwambiri ayironi ndi kashiamu, ndipo vitamini B12 amafuna timadzi ta chifu kuti alowe m'magazi. Nchifukwa chake mapiritsi a mavitamini, a ayironi ndi a kashiamu ndi a moyo wake wonse, ndipo ambiri amabayidwanso jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse. Ayironi ndi kashiamu asamwere pamodzi, pakhale maola awiri pakati, ndipo ayironi asamwere tiyi chifukwa tiyi amatsekereza. Makapisozi ena amakutidwa ndi jelatini wa nkhumba, choncho afunse a mapiritsi wamba kapena olembedwa kuti ndi halaal. Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, koma limameranso. Chosayenera kuchilekerera ndi kusanza kosalekeza kwa masiku angapo, pakuti kumatha vitamini B1 m'thupi, ndipo zotsatira zake ndi dzanzi m'miyendo, kusokonezeka mutu ndi kuwonongeka kwa ubongo kumene mwina sikubwerera. Tichenjezenso za mapiritsi ogula pa golosale. Bulufeni, diclofenac ndi asipirini zimatha kuyambitsa chilonda pamene kathumba kanasokedwa, ndipo fodya naye amachita chimodzimodzi. Pa ululu wamba panado ndiye wabwino, ndipo kulikonse kumene akalandire mankhwala anene kuti anachitidwa opaleshoniyi.

Nanga kusala? Kuno kwathu swaumu imatenga maola 12 mpaka 14. Munthu amene sangamwe kapu yodzadza nthawi imodzi, amenenso ayenera kulekanitsa kudya ndi kumwa, sangathe kulowetsa madzi ndi chakudya cha tsiku lonse pakati pa Maghrib ndi daku pamene kathumba kakali katsopano. Madokotala ambiri amalangiza kuti asasale kwa miyezi 6 mpaka 12 yoyambirira, ena amapitirira apo. Ndime 184 ndi 185 za Surat Al-Baqara zikumulola wodwala kumasula nkudzabweza masikuwo akapeza bwino. Amene dokotala watsimikiza kuti kusala kudzamuvulaza mpaka kalekale, monga amene shuga wake amagwa kawirikawiri, apereke fidiya podyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Munthu wotere sanachepe Chisilamu, ndipo ife tilibe gawo lomuweruza.

Akaloledwa kusala, ayambe wayesa tsiku limodzi la Lolemba kapena Lachinayi m'mwezi wa Sha'bani. Pomasula apsonthe madzi ndi kudya tende imodzi yokha, akaswali Maghrib, ndipo pakapita theka la ola adye nsomba kapena dzira. Mbale ya futali ndi zokazinga azilawe mochedwa, pang'ono. Botolo la madzi apite nalo ku Tarawehe. Daku aichedwetse monga Sunnah ikufunira, ikhale ya mazira, mkaka kapena nyemba m'malo mwa phala la shuga. Mavitamini amwe usiku, ndipo jakisoni wa B12 amukonzere Ramadhani isanayambe kapena abayidwe dzuwa litalowa, kuti apewe kusiyana maganizo kwa maulama. Masanzi obwera okha saononga swaumu. Koma akayamba kunjenjemera, kuona chidima kapena kusokonezeka masana, amasule pomwepo, osadikira adhana.

Kwa alongo athu pali mawu owonjezera. Thupi likatsika, kubereka kumabwerera ngakhale kwa amene anakhala zaka osaima, koma madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pathupi, chifukwa m'nyengo imeneyi thupi likutsika mofulumira ndipo mwana angaperewere zofunika. Mapiritsi akumwa olerera mwina sangayamwidwe bwino m'matumbo otere, choncho iye ndi mwamuna wake akafunse za njira ina. Akadzaima, pa ulendo woyamba wa kusikelo anene za opaleshoniyi, kuti madzi a shuga amene ena amamwetsedwa poyeza matenda a shuga asamupatse, ndipo magazi ake aziyezedwa ayironi ndi B12 kufikira atachira.