Mphepo yosaodira ya ku Ulongwe

Chidutsireni Namondwe Freddy mu Malichi 2023, anthu ambiri a m'chigawo cha kummwera satsekanso wailesi ikafika nthawi ya zanyengo. Koma ku Ulongwe m'boma la Balaka, pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi, chimene chimasasula madenga chaka ndi chaka si namondwe wokhala ndi dzina ngati Idai wa mu 2019 kapena Ana wa mu 2022. Ndi mkuntho wobwera ndi mvula yoyamba, umene umafika dzuwa litapendeka n'kutha nsima isanapse.

Nyumba ina ya njerwa zootcha m'deralo ikuchitira umboni. Makoma ali chiimire, chitseko chili ndi loko wake, koma ukalowa n'kuyang'ana kumwamba ukuona thambo. Malata ena anakakoleka mumtengo wa mango, lina linakatera m'munda mwa anansi likadali ndi thabwa lake, misomali ili pololo. Ufa unasanduka phala m'thumba momwemo, feteleza anasungunuka, makope a ana ayanikidwa pamkeka atapsinjidwa ndi miyala. Chodabwitsa n'chakuti nyumba yaudzu yoyandikana nayo sinathothoke ndi pang'ono pomwe. Mayi wa nyumba ya njerwa ija akuti m'mawa wa tsiku la mkunthowo anamva wolengeza zanyengo akunena za mvula ya mabingu m'madera ena a kummwera, ndipo mpaka lero akufunsabe kuti madera enawo ndi ati.

Mkangano wagona pamenepa. Ambiri amati azanyengo amangolota, n'chifukwa chake satchula malo. Mlanduwu ndi wowakomera pakamwa chabe. Namondwe ndi chinthu chachikulu, amabadwira kutali panyanja ya mchere ndipo zithunzi za setilaiti zimamuona kukadali masiku angapo asanafike ku Mozambique. Mkuntho umabadwira pompano. Kukatentha kwambiri m'chigwa cha Shire, mpweya wofunda wachinyezi umakwera n'kuumba mtambo wautali, kenako mvula ikamatsika imagwetsa mpweya wozizira umene ukamenya pansi umamwazika mwaukali. Zonsezi zimachitika m'maola ochepa, pamalo ochepa. Ngakhale ku America, kumene olengeza a pa kanema amatsata akamvuluvulu oopsa ndi makina a rada mpaka kutchula misewu, anthu amangopatsidwa mphindi zochepa zothawira. Choncho wolengeza amene satchula mudzi sakubisa kanthu. Pamene amalakwa m'pakuti amathera pa kufotokoza mtambo, osafika padenga la womvera. Mamilimita a mvula ndi liwiro la mphepo sizimuuza mayi uja chochita. Akanamva, m'Chichewa ndi m'Chiyao chomwe, kuti masana a lero mphepo ingathe kuzula malata, ana asausire pansi pa mtengo, ufa ndi mbewu zifunditsidwe pepala lapulasitiki, bwenzi atapulumutsako kena.

Ena akuti chenjezo lotere likamamveka tsiku ndi tsiku makutu adzagontha, pakuti midzi yambiri yochenjezedwa siidzaona kanthu. Nkhawayi ndi yomveka, koma mankhwala ake si kukhala chete. Wolengeza asiyanitse tsiku wamba ndi tsiku loopsa, ndipo mawa lake abwerenso kudzanena kumene mphepo inagunda ndi kumene inalambalala. Munthu wa ku Ulongwe akamva kuti dzulo denga la sukulu linauluka kutsidya kwa Shire ku Machinga, adzadziwa kuti chenjezo lija silinali bodza, tsoka linangomuphonya. Enanso akuti wosauka alibe ndalama yolimbitsira denga, ndiye kumuchenjeza n'kungomuopseza. Koma kutulutsa gogo m'nyumba ya khoma long'aluka sikulira khobidi, ndipo waya womangira denga ndi wotchipa kuposa malata atsopano. Walira mvula walira matope, inde, koma matopewo munthu amawakonzekera.

Mukamadutsa pa Ulongwe pa minibasi miyezi ya mvula, taponyani maso pamwamba pa nyumba ndi magolosale. Muona njerwa, miyala ndi matayala akutha atasanjidwa pamalata. Eni ake sanadikire kuuzidwa pa wailesi. Anayamba kukwera pamadenga mu Okutobala, chizimalupsa chitangowaza fumbi.